"Tastes sweet" kapena "tastes sweetly"?

Wophunzira wa Fomu 4 ku Bangula wafunsa kuti: "Ndinalemba 'The mango tastes sweetly', aphunzitsi nkunena kuti ndalakwitsa. Kodi si muonjezi amene amatsatira mneni?"

Mwanawe, aphunzitsi akowo sanakulakwire. Mneni "tastes" pamenepa sakunena za ntchito imene bango likugwira, chifukwa bango lilibe lilime. Akungolumikiza bangolo ndi mawu olifotokoza, monga amachitira "ndi" tikamati "bango ili ndi lotsekemera". Aneni oterewa amatchedwa linking verbs, ndipo mawu obwera pambuyo pawo ndiwo subject complement. Mawuwo amaloza kwa mwininkhani, nchifukwa chake amakhala mfotokozi kapena dzina: "The mango tastes sweet", "My sister became a nurse".

Aneni "is", "was", "seem" ndi "become" savuta. Amene amagwetsa ana ambiri ndi awa a nkhope ziwiri: look, smell, taste, feel, sound, grow, turn. Njira yowagwirira ndi iyi: chotsa mneniyo, ikapo "is" kapena "was", uwerengenso. "The Shire looks muddy" isanduka "The Shire is muddy", ndipo zikumveka, ndiye kuti "looks" ndi wolumikiza. Koma "The farmer grows cotton" isanduka "The farmer is cotton". Mlimi wa ku Ngabu ndi thonje? Ayi. Apa "grows" ndi mneni wa ntchito, "cotton" ndi pamtherankhani. Komatu mneni yemweyo mu "The farmer grew tired" wabwerera kukhala wolumikiza.

Ukakayikabe, tembenuza chiganizocho. "Cotton is grown by the farmer" chikutheka. "A nurse was become by my sister" palibe Chingerezi chotero, chifukwa complement satembenuzika ngati pamtherankhani.

Usathamangire kufufuta "-ly" aliyense. "Friendly" ndi "lonely" ndi afotokozi, choncho "She seems friendly" chilibe vuto. Ndipo mu "He looked angrily at the goat" muonjezi ali pamalo pake, popeza munthuyo akuyang'anadi mbuzi.

Satifiketi ya MSCE imafuna kuti Chingerezi ukhoze, ndiye usazitaye izi ngati zazing'ono. Sabata ino tenga aneni asanu ndi awiri aja, aliyense umulembere ziganizo ziwiri, china cholumikiza china cha ntchito. Zonse 14 ukawapatse aphunzitsi akuchongere.