Kujambula phiri la Mulanje nyengo ya chiperoni

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa ku Luchenza, ndipo patchuthi cha mu Ogasiti ndikufuna kukwera phiri la Mulanje kukajambula zithunzi, kenaka ndikapumule masiku angapo kunyanja. Chaka chatha ndinayesa, koma nkhungu inakuta phiri lonse moti zithunzi zinatuluka zotuwa. Kodi ndidikire mwezi umene kumwamba kumayera?

YANKHO: Aphunzitsi, musadikire. Mu Seputembala ndi Okutobala mitambo imachepadi, koma fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zimadzaza mlengalenga, ndipo phiri limangooneka ngati chithunzithunzi chofiirira ngakhale mutaima pafupi, m'minda ya tiyi.

Chimene chinakusokonezani ndi chiperoni. Mphepo yozizira yochokera kummwera chakummawa imabweretsa chinyezi cha nyanja yamchere ya Indian, ndipo ikagunda phiri imakwera, n'kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yamawawa. Dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, ndipo nyengoyi imagwa kawirikawiri pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Chiperoni chikhoza kukhala masiku awiri kapena atatu, komatu chikamachoka chimasiya mpweya wosambitsidwa bwino. Apo m'pamene pali chithunzi chanu. Mitambo imang'ambika pang'onopang'ono, thanthwe la Chambe n'kutulukira lili lonyowa, lonyezimira, pamene tsinde la phiri likadali m'nkhungu. Zimenezi sizichedwa kutha, choncho kamera ikhale m'manja, osati pansi pa chikwama. Popeza thanthwe lalikulu la Chambe linayang'ana kumadzulo, muzilijambula dzuwa likapendeka, muli mbali ya Likhubula.

Kutuwa kwa zithunzi kuli ndi chifukwa chake. Kamera ikaona malo oyera ponseponse imayesa kuti kwawala kwambiri, ndiye imachepetsa kuwala yokha. Inu muonjezereko pang'ono. Pafoni, gwirani pagalasi pamene pali nkhungu ndi kukwezako kadzuwa kamene kamaonekera. Komanso nkhungu payokha ilibe chokopa maso, imafuna chinthu chakuda patsogolo pake, monga mtengo wa mkungudza, mwala wa ndere, kapena munthu wosenza katundu akukwera njira. Tsiku la mitambo ndi labwinonso ku Dziwe la Nkhalamba, chifukwa madzi a mathithi sathobwa m'maso monga amachitira padzuwa la masana.

Chinyezi ndicho mdani wa zipangizo zanu. Tengani jumbo yosabooka ndi kansalu kofewa kouma. Mukalowa m'nyumba yogona ya paphiri muli moto, musatulutse kamera m'chikwama nthawi yomweyo, pakuti galasi lozizira limachita thukuta likakumana ndi mpweya wofunda. Kuzizira kumathanso batire msanga, choncho lapadera muzilisunga m'thumba la malaya, pafupi ndi thupi, ndipo musadalire kuti mukapeza magetsi pamwambapo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ndi wotalika mamita 3,002, ndipo anthu anasowapo kale m'phirimo. Musakwere popanda wolondolera wodziwa njira, amene mungamupeze ku Likhubula, ndipo iye akanena kuti lero tibwerere ku Chisepo, nyumba yogona ya kufupi ndi Sapitwa, mumvereni. Miyala yake ikanyowa imaterera koopsa, ndipo m'nkhungu munthu amene ali mapazi khumi patsogolo panu simumuona. Ngati mvula yagwa kumtunda, musaime pakati pa mtsinje kuti mujambule, chifukwa madzi amasefukira mwadzidzidzi ngakhale pamene muli pasanagwe dontho.

Kunyanja mukakumana ndi mphepo ya nyengo yomweyo, imene asodzi amaitcha mwera. Ikaomba, mafunde amakula ndipo mabwato ambiri amakhala pamtunda, zomwe zimakupatsani mpata wojambula maukonde oyanikidwa ndi usipa uli pathandala. Ku Senga Bay dzuwa limatulukira panyanja, pamene ku Cape Maclear chokongola ndi kulowa kwake. Tchinjirizani kamera ku mchenga wouluka, ndipo musanajambule msodzi kapena mayi amene akutsuka mbale pagombe, yambani mwawapatsa moni ndi kupempha chilolezo.