Mwana wanga amatseka kompyuta phunziro lili mkati

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 9 ali ndi vuto la kumva ndipo amavala makina othandiza kumva m'makutu onse awiri. Sukulu yake ikuphunzitsa pa Zoom, pulogalamu yolankhulirana pa vidiyo pa intaneti. Pakangotha theka la ola mwanayo amayamba kulira n'kutseka kompyuta, ndipo aphunzitsi akuti ndi ulesi. Funso lawo n'lakuti, "Ndimukakamize bwanji kuti azikhazikika?"

Mayi, musamukakamize. Mawu akuti ulesiwo andipweteka mtima, chifukwa mwana wanu akugwira ntchito yaikulu kuposa anzake onse. M'kalasi amamva pang'ono ndi makutu, zotsalazo amatolera pamilomo ya aphunzitsi, pankhope, ndi poona zimene anzake akuchita. Pa intaneti zonsezi zimasokonekera. Netiweki ikafooka, mawu ndi chithunzi siziyendera limodzi, milomo imanena china khutu likumva china. Komanso p, b ndi m zimaoneka chimodzimodzi pamilomo ngakhale chithunzi chitakhala chabwino. Aphunzitsi akangoika zolemba pasikirini, nkhope yawo imachepa n'kukhala kabokosi kapangodya. Mwana amakhala akungopeka mawu osowawo mpaka mutu kutentha. Kulirako n'kutopa.

Ndipo si ana a vuto la kumva okha. Aphunzitsi ambiri amajambula tsamba la buku ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp, osaganiza kuti kwa mwana wosaona chithunzicho chilibe kanthu. Zida zowerenga mokweza mawu a pasikirini, monga TalkBack ya pa Android, VoiceOver ya pa iPhone ndi NVDA, pulogalamu yaulere ya pa Windows, zimawerenga bwino mawu otaipidwa, koma pa chithunzi cha tsamba zimalephera kapena kuwerenga zosokonekera. Kutaipa ntchitoyo ngati uthenga wamba kapena m'fayilo ya Word kumathetsa vutolo. Ine ndimati sukulu imene yasamutsira maphunziro pa intaneti osafunsa kuti mwana aliyense awafikira bwanji yamuchotsa mwanayo m'kalasi, ngakhale dzina lake likadali m'kaundula. Pangano la United Nations la mu 2006 lokhudza ufulu wa anthu aulumali, m'ndime 24, limati ophunzira otere azipatsidwa thandizo logwirizana ndi zosowa zawo. Choncho popempha zimenezi musamanyengerere ngati mukupempha chifundo.

Yambani ndi makutu, m'mawa uliwonse

Phunziro lisanayambe, mwana wanu atavala makina ake, imani kumbuyo kwake, pafupifupi mita imodzi, pamene sakuona milomo yanu. Tchulani mawu asanu ndi limodzi awa limodzilimodzi: mm, uu, aa, ii, sh, ss, iye azibwereza. Ngati mawu amene dzulo amawamva lero sakuwamva, onani batire la makinawo, kenako onani ngati kachubu kake katsekeka ndi phula la m'khutu kapena chinyezi. Batire la mtundu wa zinc-air mukalimatula kapepala, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri musanaliike, chifukwa limayamba kugwira ntchito mpweya ukalowa m'timabowo take.

Musamuveke mahedifoni othina pamwamba pa makinawo. Amatsekereza maikolofoni ya makinawo, mawu otuluka n'kubwereranso momwemo, ndiye makinawo amalira ngati likhweru. Funsani katswiri wa makutu amene anamupatsa makinawo ngati angalumikizidwe mwachindunji ku kompyuta pa Bluetooth kapena ndi kachingwe kake. Zikakanika, ikani sipika pafupi naye m'chipinda cha makatani ndi zinthu zofewa, chifukwa zipupa zopanda kanthu zimabweza mawu. Wailesi izime, chitseko chitsekeke.

Pa Zoom, dinani timadontho titatu pa chithunzi cha aphunzitsi n'kusankha Pin, kuti nkhope yawo isamachoke mwana wina akatsokomola. Mawu odzilemba okha pansi pa sikirini muwayatse ngati chinenero cha phunzirolo chilipo, koma musawadalire kwambiri. Amalakwitsa mayina ndi mawu a sayansi, ndipo amathamanga kuposa mmene mwana wa zaka 9 amawerengera.

Kwa aphunzitsi lembani kalata, musangoimba foni, kuti pakhale umboni. Pemphani kuti kuwala kuziwagwera kumaso, zenera lisakhale kumbuyo kwawo. Azibwereza funso la mwana wina asanaliyankhe, ena onse atseke maikolofoni. Azitumiza zolemba tsiku limodzi phunziro lisanafike, chifukwa mwana wanu sangalembe uku akuyang'ana milomo. Akangoweramira m'kope, chiganizo chamudutsa. Ngati amagwiritsa ntchito chinenero chamanja, womasulira akhalepo ndipo azioneka nthawi yonse.

Zolembazo zikafika, madzulo sankhanimo mawu atsopano asanu okha. Muwatchule akuona nkhope yanu, muwalembe, mumuonetse chithunzi cha chinthucho. Mphindi 10 zakwana, musasanduke mphunzitsi wachiwiri. Mawa akawamva m'phunziro sadzavutika kupeka.

Za kukhazikika zija, mugwirizane ndi sukulu kuti azimvetsera mphindi 20 n'kupuma zisanu kutali ndi sikirini, ngakhale atazimitsa makinawo pa nthawi yopumayo. Mupatseni kapepala kofiira koti azikweza akatopa, misozi isanabwere, ndipo akakweza mumulole kudzuka nthawi yomweyo. Gawo limene lamudutsa alipeze pa vidiyo yojambulidwa, imene angathe kuimitsa ndi kubweza mmene akufunira.