Kutunga madzi a m'nyanja ku Durban

Achimwene, mwafunsa ngati mungamatunge madzi pagombe ku Durban m'malo mogula mchere wa m'sitolo wopangira madzi a thanki yanu yowetera makorali, zamoyo za m'nyanja zija zooneka ngati miyala kapena zomera. Zimatheka ndithu, koma nkhani yagona pa malo otungira. Musayandikire kudoko, ndiponso pewani pamene mtsinje wa Umgeni umathirira m'nyanja, chifukwa pamenepo pamadzaza mafuta a sitima ndi zonyansa za m'tauni. Kumbukirani kuti madzi osefukira a mu Epulo 2022 atawononga mapaipi a zimbudzi, magombe ambiri anatsekedwa chifukwa cha E. coli, tizilombo topezeka m'chimbudzi. Mvula ikagwa, dikirani masiku angapo.

Tungani nyanja ikamakwera, mulowe ndithu kupyola pamene mafunde akuswekera, poti m'mphepete muli mchenga ndi thovu basi. Zigubu zikhale zapulasitiki zosungira madzi akumwa, osati zomwe munali dizilo kapena mankhwala. Chilichonse cha chitsulo cha kopa chisakhudze madziwo, chimapha makorali.

Kunyumba sefani bwinobwino, kenako yezani ndi refractometer, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi. Mchere ukhale pafupifupi 35 ppt (magalamu 35 a mchere pa kilogalamu imodzi ya madzi), kapena kuti 1.025 mpaka 1.026 pa muyezo woyerekeza kulemera kwake ndi kwa madzi opanda mchere. Madziwo afunde kufika 25°C musanawathire m'thanki. Ine ndimathira tsiku lomwelo, chifukwa mukawasunga osawazunguliza ndi pampu, tizamoyo tam'madzimo timafa n'kuyamba kununkha.