Funsani Tikuyankheni: Ana a pulayimale ku China akunenepa chifukwa chiyani?

FUNSO: Ndamva kuti ku China ana a pulayimale akunenepa mopitirira muyeso. Kodi ndi mpunga umene amadya tsiku lililonse, kapena ndi chibadwa chawo? — Wowerenga wathu

YANKHO: Mpunga musauimbe mlandu, agogo awo ankadya womwewo koma osanenepa. Chibadwa nachonso sichisintha pa zaka zochepa chonchi. Lipoti la boma la China la 2020 linasonyeza kuti pa ana 100 aliwonse a zaka 6 mpaka 17, pafupifupi 19 ndi olemera kuposa msinkhu wawo, ndipo anyamata ndi amene achuluka.

Chimene chasintha ndi mmene tsiku la mwana limayendera. Amakhala pampando m'kalasi, akaweruka makalasi owonjezera, akafika kunyumba homuweki mpaka usiku. Tulo tikachepa, mahomoni oyendetsa njala amasokonezeka ndipo mwana amalakalaka zotsekemera ndi zamafuta. N'chifukwa chake malamulo amene boma la China linakhazikitsa mu 2021 ndi othandiza ngakhale sanakonzedwere kunenepa kokha: homuweki yolemba inaletsedwa m'makalasi awiri oyamba, kalasi 3 mpaka 6 isapitirire mphindi 60, mwana azigona maola 10, ndipo maphunziro asayambe 8:20 m'mawa isanakwane. Masewera a pa intaneti anawasiyira ola limodzi, 8 mpaka 9 usiku, Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi.

Nkhani ya agogo ndiyo yovuta kuikamba. Lamulo loti mabanja ambiri azibereka mwana mmodzi yekha, lomwe linathetsedwa kumapeto kwa 2015, linasiya mabanja ambiri ali ndi mdzukulu mmodzi pa agogo anayi. Makolo ali kuntchito, ophika ndi agogo. Ambiri a iwo anakula chakudya chili chosowa, ena anaiona njala ya 1959 mpaka 1961, ndiye mwana wa masaya onona kwa iwo ndi dalitso. Mbale ikatha amawonjezera ina.

Onjezanipo zakumwa. Malangizo a kadyedwe a ku China amati shuga wothira asapose magalamu 50 patsiku, ndipo ndi bwino kusapitirira 25. Chitini chimodzi cha kola cha mamililita 330 chili ndi magalamu pafupifupi 35.

Poyeza kunenepa amagwiritsa ntchito BMI, muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake: makilogalamu mugawe ndi kutalika m'mamita, zimene mwapezazo mugawenso ndi kutalika komweko. Mnyamata wa zaka 7 wolemera makilogalamu 30, wotalika mamita 1.25, BMI yake ndi 19.2. Pa muyeso wa akuluakulu angaoneke wabwinobwino, koma pa tchati cha ana cha ku China wadutsa kale 18.7, pamene kunenepa kodetsa nkhawa kumayambira pa msinkhu umenewu.

Makolo ena akaona nambala yotere amayamba kumumana chakudya, ndipo apa m'pamene amalakwitsa. Mwana akukula, akamanidwa amakadya mobisa. Madokotala amayamba ndi madzi m'malo mwa zotsekemera, chakudya cha m'mawa tsiku lililonse, masewera otulutsa thukuta mphindi 60, TV ndi foni zosapitirira maola awiri, kuti kulemera kuime pamene msinkhu ukupitirira. Agogo nawonso azikhalapo pokambirana zimenezi, poti chipande chili m'manja mwawo.