Mafunso Anu: Kusankha Dzina la Mwana Wamkazi

*Ndili ndi pakati pa miyezi 8 ndipo atandijambula kuchipatala anati ndi wamkazi. Ndikufuna dzina la kwathu konkuno, koma onse amene ndikuwadziwa amapatsidwanso kwa anyamata. Kodi alipo a atsikana okhaokha? (Mayi woyembekezera, Kasungu)*

Mayi, maina ambiri achichewa sasankha mwamuna kapena mkazi, chifukwa ndi mawu amene banja likunena pa tsiku limene mwana wabwera. Ena amayamba ndi "ta-" kapena "ti-", ndipo apa makolo ndiwo akulankhula: Tadala, Takondwa, Tiyamike. Ena amatha ndi "-ni" chifukwa akulankhula kwa abale ndi anansi: Tamandani, Yamikani, Thokozani. Ena amangotchula chinthu chimene mwalandira, monga Mphatso, Chisomo, Chikondi ndi Chifundo. Onsewa amamukhala bwino mtsikana.

Chimene chimasonyezadi ukazi ndi dzina la mfunda. Kwa Achewa, mwana wamkazi wa a Banda ndi Nabanda, wa a Phiri ndi Naphiri, wa a Mbewe ndi Nambewe. Kumpoto amati NyaGondwe kapena NyaMoyo, pamene Ayao amati Abiti n'kutchula dzina la bambo ake. Ili simusankha, amabadwa nalo, ndipo ndi limene adzamulemekezera nalo akadzakula.

Ngati m'banja mwanu muli mitundu iwiri, yang'ananinso kuchikazi kapena kuchimuna. Chitumbuka chili ndi Lusungu, kutanthauza chifundo, ndi Tiwonge, kutanthauza tiyamike. Chiyao chili ndi Atupele, kutanthauza kuti watipatsa. Thandiwe, wokondedwa, ndi Sibongile, tathokoza, ndi ochokera ku zinenero za Angoni ndi Azulu, ndipo awiriwa ndi a akazi. Sankhani awiri kapena atatu, muwasunge mumtima mpaka mwana atabadwa.

*Mwana wathu wabadwa patangotha sabata agogo ake aamuna atamwalira. Apongozi akuti akhale Misozi. Ine sindikufuna, koma ndikuopa kuwanyoza. Ndichite bwanji? (Bambo wa ku Ntcheu)*

Bambo, yambani mwamvetsa chimene apongozi anu akuchita. Kale dzina linali kaundula wa banja. Mwana wobadwa pa maliro ankatchedwa Misozi kapena Maliro, wobadwa pa njala kapena pa matenda ankatchedwa Mavuto, ndipo wosiyidwa ndi kholo ankatchedwa Masiye. Mabanja amene ana ankangomwalira ankapereka dala dzina losasangalatsa, poganiza kuti imfa imulambalala mwanayo. Choncho mayiwo sakumutemberera mdzukulu wawo ayi. Akulira amuna awo, ndipo akufuna kuti tsikulo lisaiwalike.

Komabe ife tili mbali yanu. Chisoni ndi cha akuluakulu, pamene dzinalo adzasenza ndi mwana. Aphunzitsi adzaliitana m'kalasi m'mawa uliwonse, lidzalembedwa pa satifiketi, ndipo aliyense womva adzafunsa kuti kunagwa zotani. Mtsikana wa zaka 7 sayenera kumafotokoza maliro amene sanawaone.

Musakane pagulu, ndiponso musapite nokha. Nthawi yabwino ndi mayi ndi mwana adakali m'chikuta, mchombo usanagwe, dzina lisanalengezedwe. Tumani ankhoswe kapena azakhali a mwanayo akakhale pansi ndi apongozi. Akawapemphe kuti atche okha dzina lina lokumbukira malemuwo koma lotonthoza: Chitonthozo, Chikumbutso, Alinafe kapena Limbikani. Mukatero ulemu wotcha dzina ukhalabe m'manja mwawo, ndipo nthawi zambiri n'chimene akuluakulu amafuna. Akaumirirabe, Misozi likhale la pakhomo, koma la m'mabuku likhale lina.

*Ndimakonda maina a m'Baibulo ndi achizungu. Ndingadziwe bwanji tanthauzo lenileni? Pa intaneti tsamba lililonse likunena zake. (Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre)*

Funsani kaye kuti dzinalo ndi la chinenero chanji, chifukwa tanthauzo lili kumeneko. Ambiri amene timati achizungu si Chingelezi. Agnes, Sophia, Irene ndi Dorothy ndi achigiriki: woyera mtima, nzeru, mtendere ndi mphatso ya Mulungu. Hana ndi Chiheberi, kutanthauza chisomo. Sara ndi mfumukazi, Debora ndi njuchi, Rakele ndi nkhosa yaikazi. Ena Baibulo limawamasulira lokha: pa Machitidwe 9:36 Tabita ndi yemweyo Dorika, ndipo maina onse awiri amatanthauza mtundu wa mbawala. Pa Rute 1:20 Naomi, amene dzina lake limanena za kukoma, akuti azitchedwa Mara chifukwa moyo wamuwawira. Amene angatenge Mara poona kuti ndi lalifupi ndi lokoma m'khutu ndiye kuti watcha mwana wake Kuwawa.

Pali maina ena amene tanthauzo lake ndi mbiri yake zimasiyana. Cecilia limachokera ku mawu achilatini otanthauza wakhungu, koma Akatolika amalikonda chifukwa cha Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, amene amakumbukiridwa pa 22 November. Apa muyenera kusankha nokha chimene chikukukokani, mawuwo kapena munthuyo.

Kwa Asilamu, Amina ndi wokhulupirika, Aisha ndi wamoyo, Halima ndi wofatsa, ndipo dzina limaperekedwa kawirikawiri pa tsiku la 7. Tsamba la pa intaneti likakuuzani kuti dzina limatanthauza "duwa lokongola lakumwamba" osatchula chinenero, musalikhulupirire. Pitani kwa abusa, ansembe, shehe kapena munthu amene anayamwa chinenerocho.

Mukalipeza, liyeseni pakamwa. Auzeni agogo akumudzi alitchule katatu. Lilime lathu silisiyanitsa kwenikweni "l" ndi "r", ndiponso limawonjezera mawu kumapeto, moti Ruth amasanduka Lute ndipo Florence amakhala Fulolensi. Ngati zimenezo zikukupwetekani, sankhani lina.

*Kodi tikhoza kudzasintha dzina mwana akakula? (Bambo wa ku Mzuzu)*

N'zotheka, koma zimadya nthawi ndi ndalama chifukwa pamafunika zikalata zolumbira. Lamulo la kalembera la 2010 limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masabata 6 atabadwa, ndipo satifiketi ya kubadwa imachokera ku nthambi ya boma yoona za kalembera ya National Registration Bureau. Vuto lofala kwambiri ndi kalembedwe: buku la kusikelo likuti Tamanda, kusukulu alemba Tamandani, ku bungwe la mayeso la MANEB kwapita Thamandani, ndiye podzatenga chiphaso cha unzika ali ndi zaka 16 kapena pasipoti, mapepala sakugwirizana. Lembani dzina lonse papepala m'zilembo zikuluzikulu, la mwana poyamba, lachiwiri ngati lilipo, kenako la bambo. Mupatseni wolembayo akopere, ndipo muwerenge fomuyo chilembo ndi chilembo musanasaine.