Ndevu ndi masiki ya kuntchito: yankho kwa achimwene a ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Area 25 amene amadula ndi kupala konkire pakampani ina ku Kanengo. Akuti kapitawo wawauza kuti amete ndevu, apo ayi asiye kugwira gilayinda. Iwo ndi Msilamu, ndipo ndevuzo akhala nazo zaka 12. Anafunsa kuti: "Kodi kumeneku si kundisala?"

Achimwene, pa nkhani ya masiki kapitawo wanuyo sakunama. Masiki ya N95 kapena FFP2, ngakhalenso ija ya labala yokhala ndi mafyuluta awiri m'mbali, imateteza pokhapokha m'mphepete mwake mutakhala bwino pakhungu, popanda kampata. Mukamakoka mpweya, iwo umalowa pomwe pali pofewa. Ndevu zimakweza labala pang'ono chabe, koma fumbi la silika lomwe limatuluka mu konkire ndi losaoneka ndi maso, limadutsa pamenepo osakhudza fyuluta n'komwe. Ngakhale tindevu ta masiku awiri tokha timakwanira kutsegula njira.

Fumbi limeneli ine ndimaliopa chifukwa ndinaona zomwe linachita kwa malume anga, omwe anapita ku Joni pa Theba kukagwira ntchito m'migodi. Anabwera ndi wailesi ndi njinga, koma patapita zaka ankalephera kuyenda kuchoka pakhonde kukafika kunkhokwe osakhala pansi. Usiku tinkamva chifuwa chawo kuchokera ku gowelo. Silika akalowa m'mapapo satulukanso, amasiya zipsera, ndipo munthu wotere chifuwa chachikulu chimamugwira msanga. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza kuti makampani a migodi ya golide apereke R5 biliyoni kwa omwe anadwala motere, kuphatikizapo Amalawi, koma malume anga anali atapita kale.

Komabe kapitawo akanena kuti njira ndi lezala basi, pamenepo akuchepetsa nkhani. Chofunika n'chakuti pamzere pomwe masiki imakhudza nkhope pasakhale tsitsi. Ndevu zazifupi za pamwamba pa mlomo, kapena kagulu kakang'ono pachibwano kokwana m'kati mwa masiki osakhudza vavu yotulutsira mpweya, sizisokoneza. Ngati zanu ndi zodzaza masaya ndipo chikhulupiriro sichikulolani kumeta, pali chipewa chophimba mutu wonse chokhala ndi kamakina ka batire kovala m'chiuno, kamene kamasefa mpweya n'kuupopera m'kati. Amachitcha PAPR. Chimenechi sichidalira kumatirira pakhungu. N'chodula, inde, koma lamulo lathu la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pamalo a ntchito limati zovala zodzitetezera azipereka ndi olemba ntchito, osati wantchito kugula yekha. Chipewachi chimathandizanso anzathu amene akangometa nkhope imatuluka tizilonda toyabwa.

Lembani kalata kwa abwana, mufotokoze chifukwa chanu, mupemphe chipewacho, mufunsenso kuti azidula konkire pothira madzi kuti fumbi lichepe. Sungani kope yake. Akakukanizani osamva, pitani nayo ku ofesi ya Labour.

Mukasankha kuchepetsa ndevu, m'mawa uliwonse muziyesa masiki yanu musanayatse gilayinda: tsekani mafyuluta ndi zikhatho, kokani mpweya pang'onopang'ono, n'kuugwira kaye. Masikiyo izilowa m'kati n'kukakamira pankhope. Mukamva kamphepo patsaya, musayambe ntchito.