Antchito anga akudwaladwala ndi kuziziraku, nditani?

Funso: Zikomo Azakhali. Ine ndili ndi kaloji kakang'ono kuno ku Zomba, mbali ya ku Mulunguzi poyambira kukwera phiri, ndipo ndili ndi antchito 7. Chiyambireni Juni zinthu sizikuyenda, chiperoni chikangotsika basi tsiku lililonse pali wina sanabwere kapena wafika 9 koloko. Amayi ochapa zovala manja awo achita kung'ambika, mmodzi akutsokomola sabata yachitatu tsopano. Koma amene akundisowetsa tulo ndi alonda ausiku. Ndi bambo aulemu, agwira kwa ine zaka 5, anali anthabwala koma pano angoti zii, moni akuyankha ndi mutu, mmawa amadandaula mutu ndi chizungulire ndipo kawiri konse ndawamva fungo la kachasu, akuti ndi wothamangitsira mphepo. Amuna anga akuti ndiwachotse, enawo ndizingowadula malipiro akajomba. Ine mtima sukulola. Ndithandizeni.
Mayi wa loji, Zomba

Yankho: Achemwali, alondawo musawachotse kaye, ndipo lero lomwe kusanade pitani mukalowe m'kanyumba kawo ka pageti. Ndikuganiza kuti mukapezamo mbaula. Alonda ambiri nyengo ino amatseka chitseko, pazenera n'kutsekapo ndi thumba kapena katoni, mbaula pakati pa miyendo, n'kufunda chitenje mpaka kumutu. Makala akamayaka mmalo motsekedwa chonchi amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, ulibe fungo, suoneka, munthu amangomva mutu, chizungulire, nseru, kufooka, kenako tulo tokoma timene ena sadzukanso. Mutu wa mmawa umene mwanenawo ine wandiopsa kuposa kachasuyo. Mbaula ikhale panja pakhonde, kapena chitseko ndi zenera zikhale zotsegula usiku onse, ndipo inu agulireni jekete yochindikala, chipewa cha ubweya chofika mmakutu, masokosi awiri ndi bulangete. Pa kaunjika mu msika wa Zomba zonsezi mukazipeza. Onjezerani fulasiki ya tiyi wamoto ophika asanaweruke.

Za kachasu auzeni mwachikondi kuti akuwanamiza. Mowa umatsegula timitsempha ta pakhungu nde munthu amamva ngati watenthedwa pomwe kutentha kwa mkati mwa thupi kukuthawa, ndi chifukwa chake oledzera akagona panja mu Julaye amapezeka ataumiratu. Kwanu kumeneko pansi pa phiri lopitirira mamita 2,000 cha m'ma 3 koloko mbandakucha si masewera, ine ndinagonako kwa achibale ku Mulunguzi komweko, madzi a pampopi mmawa amachita kuluma mafupa a zala.

Koma chimene ndikufuna titalikirepo ndi kungoti zii kwawoko. Munthu wanthabwala akasiya kuseka, nayamba kumwa pomwe zaka 5 simunamumvepo fungo, pali chimene chikumudya mumtima, kuzizira kwangochiika poyera. Taganizani moyo wa mlonda mu Juni, usiku ndi wautali, ali yekhayekha ndi maganizo ake mpaka kucha, masana kunyumba tulo sitibwera bwino chifukwa ana akusewera, oyandikana nawo atsegula wailesi, nde thupi lotopa chonchi kavuto kalikonse kamaoneka ngati phiri. Mwina ndi katapila, mwina fizi, mwina mayi akunyumba akudwala kapena banja likugwedezeka. Ife Amalawi timalera anyamata kuti mwamuna salira, mapeto ake amalira ndi botolo, ndipo mwa anthu amene amadzipha m'dziko muno ochuluka ndi abambo.

Musawaitanire mu ofesi ngati mlandu, musawafunsenso pamaso pa anzawo. Madzulo akangofika tengani mpando mukhale nawo pageti pomwepo, tiyi mmanja, munene kuti "Bambo, masiku ano sindikukuonani mmene ndimakudziwirani, kunyumba kuli bwanji?" Mukatero khalani chete. Apa ndi pamene mabwana ambiri timalephera, timafulumira kulangiza munthu asanatsegule nkomwe pakamwa. Tsiku loyamba mwina adzangoti "tili bwino mayi", musakakamize, bwererani mawa lake. Ngati ndi ngongole ndipo mungathe, advansi yodula pang'onopang'ono imaposa katapila kutali. Koma mukamva mawu ngati "bola kungofa" kapena "ana anga mudzandionere", musawatenge ngati nthabwala, afunseni mosabisa ngati akuganiza zodzichotsera moyo, kufunsa sikumuika munthu maganizowo ayi. Akavomera musawasiye okha usiku umenewo, itanani wachibale amene amamukhulupirira mupite nawo kuchipatala. Inu muli ndi mwayi, Zomba Mental Hospital ili mu mzinda wanu momwemo, ndipo si ya okhawo timawanena kuti amisala, anthu ovutika maganizo, osowa tulo ndi olephera kusiya mowa amathandizidwa n'kubwerera kwawo. Ngati dzinalo likuwachititsa manyazi yambirani ku Zomba Central, madokotala akawalozera koyenera.

Ndikufunseninso, alondawa amapuma liti? Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati maola a ntchito pa sabata ndi 48, opitirira apo ndi ovataimu, komanso munthu azipuma tsiku limodzi pa sabata. Ngati akuchezera masiku 7 osadukiza pezani wina wowalandira ngakhale usiku umodzi.

Mayi akutsokomolawo asadikirenso. Chifuwa chikapitirira masabata awiri chimafunika kukayezetsa makhololo kuti aone ngati si TB, makamaka ngati akutuluka thukuta usiku kapena akuonda, ndipo kuyezetsa ndi mankhwala omwe ndi zaulere mzipatala za boma. Apatseni tsiku ndi ya kabaza apite. Za kudula malipirozo amuna anu awerenge izi, lamulo lomwe lija limati wantchito amene wakwanitsa chaka ali ndi ufulu wa masabata 4 a tchuthi chodwala pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka, bola abweretse kalata ya kuchipatala. Komanso mukamadula munthu wa chimfine amabwera chomwecho akuyetsemula kukhitchini, sabata yamawa odwala ndi atatu kuphatikizapo inu. Chimfine chimafala kwambiri nyengo ino poti tonse timaunjikana mkati mazenera otseka, choncho masana tsegulani mphepo izidutsa, sopo azikhala pa sinki. Amene ali ndi mphumu kapena BP akumbutseni mankhwala, matenda awiriwa amakonda kuvuta kukazizira.

Zochapa bwanji osazisunthira 10 koloko dzuwa litatuluka? Mmawa ayambe ndi kukonza mzipinda. Atenthetsereni ndowa imodzi ya madzi yosakaniza, agulireni magolovesi, majombo ndi botolo la Vaseline kapena gilisalini likhale pochapira pomwepo. Zovala zodzitetezera pantchito ya mmadzi ndi udindo wa bwana malinga ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997, si mphatso, nde musazidule pa malipiro.

Kuchedwako afunseni amachokera kuti. Mayi wochokera ku Chikanda kapena ku Sadzi wapansi kuti afike 7 koloko ndiye kuti wanyamuka kudakali mdima, mawawa akugwa, ana asanawakonzekeretse za kusukulu. Mpaka Ogasiti mutha kugwirizana kuti aziyamba hafu pasiti 7 n'kuwerukanso mochedwerapo pang'ono, kapena azisinthana wolawirira. Ndipo tiyi wa 10 koloko musamuone ngati kuononga, mbatata ndi nyengo yake ino, poto mmodzi akwanira onse 7, inunso muzikhala nawo pansi nthawi zina chifukwa pa tiyi ndi pamene mudzamve kuti mwana wa uje wagonekedwa kuchipatala.

Alondawo mukacheza nawo mundilemberenso, ndikufuna ndimve kuti zatha bwanji. Koma mbaulayo ituluke usiku uno.